Thumba Linabwera ndi Khasu

Masiku ano ndikamva munthu wa mimba yaikulu akufunsa pa wailesi kuti n'chifukwa chiyani achinyamata akuthawa minda, ndimaizimitsa msanga ndisanaiponye kukhoma. Wailesiyo ndinagula ndekha, ndiye ndimadzigwira. Amafunsa ngati ndi nkhani yozama, yofuna anthu a madigiri akhale mu hotela masiku atatu akudya nkhuku. Ine yankho lake linandipeza pakhomo panga ku Kanyama, mu Lusaka, litakulungidwa m'saka, ndipo sindinalikonde.

Zinali zaka zija za makuponi ogulira unga wa nsima, pamene munthu ukaona mzere unkayamba waima kaye, n'kufunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani. Unga kulibe, sopo kulibe, mafuta ophikira tinkangowakumbukira monga timakumbukirira achibale amene anatisiya. Ine ndinali kalaliki wa nyumba yosungiramo katundu pa fakitale ina ya mabulangete. Udindo waukulu ndithu, kungoti katunduyo munalibe. Ulusi unaleka kubwera, makina anagona, ndipo tsiku lina mabwana anatiuza mwaulemu kuti tikapume kunyumba, adzatiitana zinthu zikasintha. Ndikudikirabe. Koma m'mawa uliwonse ndinkamanga tayi n'kutuluka ndi nyuzipepala yadzana m'khwapa, kuti aneba aziona kuti m'nyumba imeneyi mumakhala munthu wa Fomu Faifi. Ndinkathera tsiku pansi pa mtengo kuseri kwa msika, kusewera nsolo ndi akuluakulu anzanga a matayi.

Chimene chinkatisiyanitsa ndi aneba sichinali tayi. Chinali thumba. Kawiri pachaka, akangokolola ndiponso chilimwe chikafika pakati, dalaivala wina wakwathu kum'mawa ankaimika lole yake kumsewu n'kutumiza mawu kuti tikatenge katundu wathu. Thumba lathunthu la chimanga, losokedwa pakamwa ndi khonje. Pakati penipeni pa chimangacho amayi ankakwirira kansalu komangamo mtedza, ati kuti dalaivala asaone. Dalaivalayo ankadziwa, ife tinkadziwa, koma chaka chilichonse ana anga awiri ankapisa mikono mpaka m'mapewa kufunafuna chuma cha agogo awo. Mkazi wanga, mwana wa m'tauni wa ku Matero amene sanagwirepo khasu chibadwire, ankapita kuchigayo akuyenda ngati mkazi wa nduna.

Chimangacho ankalima mng'ono wanga. Bambo atamwalira ine ndinali kale ku sekondale, iye ali ku pulaimale. Palibe anakhala pansi kugamula kuti uyu apite, uyu atsale. Zinangochitika monga zimachitikira m'mabanja onse akwathu: wina amakwera basi, wina amatsala ndi amayi ndi munda, ndipo wokwera basiyo ndiye amakonda kunena kuti Mulungu anakonza chomwecho.

Musaganize kuti ndinali wosayamika. Nanenso ndinkatumiza zanga. Ndinkamulembera makalata a malangizo a ulimi, ine amene ulimi wanga unali kujambula duwa la chimanga m'kope ndi kulemba maina a ziwalo zake m'Chingelezi. Ndinkamuuza za kutalikirana kwa mizere. Munthu amene chikhatho chake chinali ngati chikopa cha ng'ombe ankalandira kalata yomuphunzitsa kugwira khasu. Ndipo kamodzi ndinatumiza chithunzi.

Ku Chawama kunali kasitudiyo ka bambo wina wakwathu, ndipo aliyense wochokera dera lathu akangokhala mu Lusaka miyezi ingapo ankapita kumeneko, chifukwa wakwanu amakutsitsira mtengo. Pakhoma panali nsalu yojambulapo nyumba zosanjikizana, patebulo panali foni yakuda yopanda chingwe, ndipo pamsomali pankakhala jekete ya mandalasi ofiirira yobwereketsa makasitomala. Jeketeyo inali ndi kabowo ka moto wa fodya pachifuwa, kumanzere. Wojambula ankakuuza kuti ugwire foni ndi dzanja lamanzere, lamanja uliike pamtima. Ndinatuluka pachithunzipo ngati munthu amene akulamula sitima za pamadzi kwinaku akuimba nyimbo ya fuko. Kumbuyo ndinalemba kuti: ndili mu ofesi.

Tsono chaka chimenecho, mwezi wotentha uja mitambo itayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo, mawu anabwera kuti lole yaima kumsewu. Ndisanavale nsapato, katundu anafika yekha pakhomo ndi miyendo iwiri. Anali mng'ono wanga, atavala malaya ake a kutchalitchi, saka ili paphewa. Sakayo inali yopepuka moti mwana akanainyamula.

Tinalonjerana monga mwa mwambo. Amayi ali bwino, kungodandaula mawondo. Mlongo wathu kumene anakwatiwa ali bwino. Mbuzi zili bwino. Mkazi wanga anamupatsa madzi, maso ake ali pa saka. Atatopa ndi ulemu anafunsa kuti, ba mulamu, kapena vinangu vatsala ku motoka? Iye anati ayi, zonse ndi zomwezi. Anamasula chingwe mosafulumira n'kusolola khasu.

Ndinalizindikira. Bambo anatigulira makasu awiri tsiku limodzi, ndipo langa ndinalitentha pampini ndi waya wamoto mizere itatu. Mizereyo inalipo. Khasulo linali lonoledwa bwino, lopakidwa mafuta.

"Ichi n'chiyani?"

"Khasu lanu, achimwene. Munaliiwala."

"Ndikuona kuti ndi khasu, sindine wakhungu. Chimanga chili kuti?"

"Chili m'nthaka. Chikudikira inu."

Kenaka anapereka uthenga wa amalume, modekha ngati akuwerenga zolengeza za mpingo. Kwathu munda umatsata mimba ya amayi, ndipo amalume ndiwo amauyang'anira. Lamulo lake ndi lakale ndi losavuta: munda sugona pamene ena m'banja ali ndi manja koma alibe polima. Amayi aang'ono anali ndi anyamata ambiri okula, onse akupanikizana pa kamtunda ka miyala, ndipo kwa zaka ankauyang'ana munda wathu wa m'mphepete mwa dambo monga galu amayang'anira nyama ili pamoto. Dothi lakuda, losafuna feteleza wambiri. Amalume anali atanena poyera kuti mvula yodzalira ikagwa mundawo uli wosagalauza, aupereka. Amayi athu ndi mawondo awo sakanatha ngakhale ndime imodzi.

"Ndiye iwe ukutani kuno?" ndinafunsa.

"Ndalima zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chino ndi chanu. Ine ndabwera kudzaona Lusaka wa pachithunzi."

Ndinakalipa mpaka aneba anatuluka ndi timipando. Ndikapsa mtima Chingelezi chimabwera chokha, ndiye ndinamutukwana m'zilankhulo ziwiri. Ndinamuuza kuti ndi wosaganizira amayi, ine amene ndinali ndisanawaone zaka zinayi. Ndinamuuza kuti ulimi ndi msana wa dziko. Mawu amenewo ndinawamva pa wailesi, ndipo ndikuganiza kuti wowanenayo nayenso anali ndi mng'ono wake kwinakwake. Iye anangokhala pansi akumwa madzi ake. Nditatha mpweya anafunsa mlamu wake kumene angayale mphasa.

Ndinaganiza kuti vuto ndi chithunzi chija. Mwana wosauka wanyengeka ndi foni. Mankhwala ake, ndinatero mumtima, ndi kumuonetsa Lusaka weniweni, ndipo pakutha kwa sabata adzapempha yekha ndalama ya basi.

Ndinayamba ndi mzere wa unga. Tinaima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa lili paliwombo, tikukankhidwa, tikupondedwa, apolisi akuyendetsa ndodo pamitu ya anthu ngati akuweta ng'ombe. Titatsala anthu ochepa kuti tifike pazenera, analengeza kuti watha. Ndinamuyang'ana mwachipambano. Iye anafunsa kuti ntchito yake ndi yomweyi basi, kuima chabe, osawerama? Anati msana wake sunapumepo chomwechi chiyambire.

Ndinamuonetsa chimbudzi chathu, chimene tinkagawana ndi mabanja onse a pa pulotipo. Ku Kanyama ukakumba pang'ono umakumana ndi mwala, ndiye maenje ndi osaya, ndipo mvula ikagwa zonse zimene munabisa chaka chathunthu zimabwera kudzakuchezerani pakhomo. Ndinamufotokozera bwinobwino, osasiyako kanthu. Anazungulira pulotiyo, anaona kumene madzi amatsikira, ndipo madzulo ndinamupeza akukambirana ndi landilodi. M'mawa mwake anabwereka khasu langa, anachita kupempha ndithu, n'kukumba ngalande kuchokera kuchimbudzi mpaka kumsewu. Landilodi, munthu amene sanandimwetulirepo chilowere m'nyumba yake, anamupatsa ndalama ndi tinsomba ta kapenta.

Sabata isanathe mng'ono wanga anali atapeza wilibala ya munthu wina ku msika waukulu wa m'tauni, akunyamulira azimayi matumba a kabichi ndi malasha. Anyamata obadwira m'komboni ankamuseka kalankhulidwe, ankamutcha wakumunda, ankamutumiza njira zolakwika. Iye ankanyamula kawiri pamene iwo anyamula kamodzi, ndipo azimayi a pamsika sasankha munthu chifukwa cha kalankhulidwe. Ankabwera madzulo ndi kapepala ka unga wogula kuseri, n'kupatsa mlamu wake. Mkazi wanga, amene tsiku loyamba ankafuna kumumenya ndi saka yomweyo, anayamba kumusungira chiwalo chachikulu.

Apo n'kuti kum'mawa kukuchita mdima masana alionse. Aliyense wobadwira kumudzi amadziwa kuwerenga mitambo imeneyo, ngakhale atavala tayi. Masiku ankatha.

Ndinaona kuti palibe njira ina koma kudzichotsa ulemu. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamutenga wapansi mpaka ku Chawama. Ndinamulowetsa m'kasitudiyo kaja, ndinanyamula foni n'kumuonetsa kumbuyo kwake kopanda chingwe. Ndinamenya nsalu ya nyumba zosanjikizana mpaka fumbi linatuluka. Ndinamuuza kuti ofesi yanga ndi imeneyi, ayang'anitsitse, wasiya munda chifukwa cha chinsalu.

Anapatsa moni wojambula uja, anamuuza za maliro a kumudzi amene sanawamve, kenaka anapempha jekete. Anaivala, anakhala pampando, anatenga foni ndi dzanja lamanzere. Popanda womuuza, lamanja analiika pamtima, ndendende pakabowo.

Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji.

Anandiuza akuseka kuti jekete imeneyi ndi yodziwika kwathu kuposa mbusa. Inafika koyamba ndi mwana wa aphunzitsi, kenaka ndi mwamuna wa msuweni wathu, kenaka ndi mnyamata uja anathawa atapereka mimba, kenaka ndi ine. Azimayi akakhala potongola chimanga ankabweretsa zithunzi za ana awo n'kuzindandalika pamphasa: anthu onenepa ndi owonda, aatali ndi aafupi, onse m'jekete imodzi, onse atagwira pamtima. Mayi wina anafunsa ngati ku Lusaka matenda a chifuwa avuta. Wina anati mwina boma linagula jekete imodzi ya anthu onse a kum'mawa. Amayi athu, anatero, ankaseka nawo, kenaka n'kubweza chithunzi changa m'Baibulo.

Wojambula anayamba kupukuta galasi la kamera mwakhama kwambiri.

"Ndiye ngati unkadziwa, unabwereranji?"

"Ndinkadziwa kuti foni mulibe, achimwene. Koma ndinkadziwanso kuti simulima, ndipo mukudya."

Ndinafuna kuyankha, koma Chingelezi chomwe sichinabwere.

"Pamsika paja ndikanyamula thumba amandilipira dzuwa lisanalowe. Kumudzi ndimalima, ndipalire, ndikolole, ndisoke thumba, ndilikweze pa lole, malipiro ake kalata yondiuza kutalikirana kwa mizere. Sindikudana nawo munda. Ndikungofunsa kuti anasankha ndani kuti wotsala ndikhale ine."

Ndinati ine ndili pantchito, sindingangonyamuka. Anayankha kuti ntchito yanga anaiona Lachitatu akudutsa ndi wilibala kuseri kwa msika, ndipo ndinkaigwira bwino, ndinadya njere zambiri za mdala wa tayi yofiira. Kenaka anauza wojambula kuti amujambule. Wojambulayo atangotsala pang'ono kudina kamera, iye anatsitsa dzanja lija n'kuliika pabondo, kabowo kali poyera. Anati chimenecho ndicho atumize kwa amayi.

Kunyumba ndinapeza kuti khoti linakhala kale ine kulibe. Mkazi wanga sanazungulire.

"Imwe atate ake mwana, yendani chabe. Nchito mulibe. Tayi tizadya?"

Anawonjeza kuti ndi miyezi yochepa chabe, ndikadzala ndi kupalira ndidzabwerako, ana adzawaona ndi ba mulamu. Zonse zinali zoona, ndipo palibe chimandikwiyitsa kuposa munthu wonena zoona m'nyumba mwanga. Ndinamenya chitseko, ndinayenda mpaka kumsewu, ndinabwerera chifukwa kunalibe kopita. Ndinanena kuti chabwino, ndipita, ndikawaonetse anthu amenewa mmene munthu wophunzira amalimira. Tikiti anagula mng'ono wanga ndi ndalama ya wilibala. Khasu analinolanso, popeza ngalande ija inalibunthitsa.

Masiku amenewo basi ya kum'mawa sinali ndi nthawi, inali ndi mphekesera. Ina ilibe matayala, ina ikudikira dizilo, ina inanyamuka dzulo koma palibe anaiona. Anthu ankamanga misasa pa siteshoni ndi ana ndi mbaula zawo. Ine ndinkapita m'mawa, madzulo n'kubwerera kunyumba, khasu lili m'saka. Vuto la khasu ndi lakuti ngakhale ulikulunge bwanji, limaonekabe kuti ndi khasu. Tsiku loyamba lomwelo ndinakumana ndi mnzanga wa ku sekondale, amene ankagwira ntchito ku banki. Anayang'ana mpini wotuluka m'saka n'kufunsa kumene ndikupita. Ndinamuuza kuti ndikutumizira anyamata anga a ku famu. Anati ndachita bwino kwambiri, dziko likufuna anthu oganiza ngati ine.

Tsiku lachiwiri masana kunagunda, ndipo mvula inagwa. Osati yowaza fumbi ija, koma yeniyeni, yolowa pansi. Fungo la dothi linadzaza siteshoni yonse mpaka kuphimba la dizilo. Anthu a kum'mawa amene anali pamenepo anasokonezeka ngati nkhuku zaona kabawi. Bambo wina ankangonena kuti mbewu zake zili padenga, mbewu zake zili padenga. Mayi wina anapita kukagwira kondakitala malaya. Onsewo mitima yawo inali kale m'mizere.

Ine ndinayang'ana zikhatho zanga. Zofewa ngati za namwino. Ndinaona munda uja m'maganizo, kutalika kwake kuchokera pa chulu mpaka kudambo, wosasosa, wosagalauza. Ndinaona anyamata a amayi aang'ono atakhala pachulupo akundiwerengera matuza. Ndinaona azimayi aja akusiya makasu awo kudzaonerera bwana wa foni akuwerama. Ndikanakonda kulemba kuti ndinaganiza za ana anga, kapena kuti fakitale ikhoza kundiitana ine kulibe. Zimenezo ndinaziganiza pambuyo, panjira, pokonza zokanena. Pa siteshoni paja ndinangoopa kusekedwa, basi.

Tikiti ndinagulitsa kwa bambo wa mbewu za padenga uja. Ananditcha mtumiki wa Mulungu. Ndinamva pambuyo pake kuti basi inabwera tsiku lomwelo, ine nditangochoka.

Kunyumba ndinanena kuti mabasi kulibe, dziko lawonongeka, ndipo ndinatukwana boma mokwanira. Mkazi wanga anapitiriza kupeta mpunga wa anthu ena umene ankagulitsa pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, osadzutsa mutu. Mng'ono wanga atabwera ndinamubwezera ndalama yake, ndipo sanafunse kuti tikiti ya basi yosabwera ndinaigulitsa bwanji. Ndinayembekeza kuti mwina mtima umupweteka, anyamuke yekha m'mawa. Ndikhulupirira kuti iyenso ankayembekeza chimodzimodzi za ine. Tinayang'anana choncho sabata yathunthu, amuna awiri a manja anayi, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Iye anatenga khasu lija n'kuliimika kuseri kwa chitseko. Ndasamuka kanayi chichokere nthawi imeneyo, ndipo nyumba iliyonse lili kuseri kwa chitseko. Ndimatsegulira ngalande.

Amalume sananame. Anyamata a amayi aang'ono analowa m'munda mwathu mvula yachiwiri isanagwe, ndipo ndimamva kuti amakolola bwino mpaka lero. Amayi anatsala ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba, kamene ankalima atakhala pansi. Sanatumize mawu odandaula, ngakhale amodzi. Ndikanakonda akanatukwana, ndikanadziwa poyankha. Mng'ono wanga sanabwererenso. Ali ku komboni ya George, ali ndi mawilibala ake amene amabwereketsa kwa anyamata ongofika kumene kuchokera kumidzi, ndipo amati sasowa antchito.

Nthawi yokolola itakwana, mawu anabwera monga kale kuti lole yaima kumsewu. Ana anathamanga kutsogolo. Ine ndinapita ndi mng'ono wanga, ndipo mwa chizolowezi iye anatenga wilibala. Dalaivala sanakwere kumbuyo kwa lole. Anatsegula chitseko cha kutsogolo, anapisa pansi pa mpando, n'kutulutsa kansalu kaja, komanga mfundo ziwiri, kokwana m'dzanja limodzi.

"Amayi anu akuti pepani," anatero. "Chaka chino analibe pobisa."

Ndinamukalipira kwambiri dalaivala ameneyo chifukwa choimika lole pamatope. Ndinamuuza kuti anthu ngati iye ndi amene akuwononga misewu ya dziko lino. Anandilola ndimalize.

Tinabwerera kansaluko kali m'wilibala, kakudumphadumpha pamiyala. Mkazi wanga anakazinga mtedzawo n'kugawa pambale zisanu. Wanga ndinapatsa ana, ndinati mano akundivuta. Mng'ono wanga anadya wake wonse, mmodzimmodzi, osafulumira.